Tsiku Limene Ndinapita ku Boma Ndili Mnyamata

Anzanga a pa bawo, ndaganiza zoti nkhaniyi ndiilembe ndekha, chifukwa mmene ikuyendera pakamwa pa mlongo wanga Mwajuma ikunenepa tsiku ndi tsiku, moti dzana ndamva ena akunena kuti ndinakomoka mu ofesi mpaka anachita kundithira madzi. Sindinakomoke ayi. Zinazo n'zoona, koma kukomoka sindinakomoke. Werengani, sekani mmene mungathere, chimodzi chokha ndikupempha, pepalali lisafike kuntchito kwanga.

Ndiyambe ndi tchimo lenilenilo, poti wolapa sayambira pakati. Mukundidziwa, ndine mesenjala pa kaofesi ka boma kwathu kuno ku Kanyenda, zaka 32 ndikupalasa njinga ndi makalata, kusesa, kutsegula mawindo m'mawa ndi kutseka madzulo. Chimene ambiri simukudziwa n'chakuti ntchito imeneyi ndinailowa ndi bodza. Nthawi imeneyo ndinali nditatopa ndi kudula nzimbe ku Dwangwa, ntchito ya miyezi yowerengeka kenako n'kukhala pakhomo, ndiye kunamveka kuti akufuna mesenjala, koma akhale mnyamata wosapitirira zaka 25. Ine ndinali ndi 31. Kalaliki atandipatsa fomu ndinafika pa mzere wa kubadwa, tsiku ndinalemba loona, mwezi woona, koma pa chaka dzanja linaterereka. Zaka zisanu ndi chimodzi zinagwera pansi pa tebulo ndipo sindinawerame kuti ndizitole. Ndinali wowonda, ndevu zisanamere bwino, akananditsutsa ndani? Masiku amenewo kunalibe ziphaso tili nazo lerozi, munthu unkabadwa chaka chimene wanena.

Bodza lili ngati mbuzi yaikazi, ukaliweta limaswa. Mabwana obadwa pambuyo panga akhala akundiitana kuti iwe, ine n'kumathamanga. Pa maliro a kufupi ndi ofesi ndakhala ndikugwira khasu kumanda limodzi ndi anyamata, anzanga obadwa nawo chaka chimodzi ali pa mthunzi. Itafika nthawi yolembetsa ziphaso za unzika ndinapalasa njinga mpaka sukulu ya kutali kukalembetsa kumeneko, kuti ndisaime pa mzere umodzi ndi Mwajuma. Mukudabwa chifukwa chake? Ine ndi Mwajuma ndife mapasa. Iye anatsogola, ine ndinatsatira madzi osamba asanazizire. Anakwatiwa kufupi ndi kumene Bua amathirira m'nyanja, amalima mpunga, ndipo za chaka changa cha papepala sankadziwa kalikonse. Akati abwere kudzandiona kuntchito ndinkamuchingamira ku msewu, n'kumuuza kuti bwana wathu ndi wolusa, safuna alendo. Mabwana asinthana asanu ndi awiri pa ofesi imeneyi, onse kwa Mwajuma anali olusa.

Tsono boma limapumitsa munthu akafika zaka 60. Pamenepo amakupatsa ndalama ya kamodzi ija, kenako penshoni mwezi ndi mwezi mpaka Mulungu atakuitana. Ine papepala ndili ndi 57. M'mawondo ndili ndi 63. A Kamanga, amene munthu aliyense pa bawopo mukuwadziwa, tinabadwa chaka chimodzi, iwo anali dalaivala wa boma, analemba zoona pa fomu yawo, anapuma zaka zitatu zapitazo, anafolera nyumba ndi malata, pano ntchito yawo ndi kutakata bawo ndi kundikuwiza ndikamadutsa pa njinga. Ndi iwo okha amene ndinawaululira chinsinsichi, tsiku lina mtima utandilemera. Penshoni imeneyo ndiye munda wanga, ndiye bwato langa, ndilibe china chimene ndasungira ukalamba.

Mwezi wathawu, dzuwa la Okutobala lili pamutu, ndinapita kukatenga makalata a ofesi monga mwa masiku onse, ndipo pakati pa makalatawo panali ina ya dzina langa. Mesenjala kudzinyamulira yekha kalata, munaziona kuti? Ndinaitsegula pansi pa mtengo wa mango. Inali ya Chingerezi, koma ndinamva ndithu: ndikaonekere ku boma Lachiwiri, ku ofesi yoona za antchito, nditenge chiphaso ndi mapepala onse a pamene ndinkayamba ntchito, akufuna kuunika fayilo yanga. Kuunika! Makalata a ofesi anafika mochedwa tsiku limenelo, chifukwa njinga inakhotera yokha kwa a Kamanga.

Anawerenga kawiri, n'kuvula magalasi pang'onopang'ono ngati dokotala.

"Ada Juma, akupezani."

"Andipeza bwanji, a Kamanga? Mapepala onse akugwirizana."

"Makompyuta a masiku ano amanunkhiza. Ndipo mukudziwa tanthauzo lake? Ngati muli ndi 63, ndiye kuti munayenera kuchoka limodzi ndi ine. Malipiro a zaka zitatu mwadya osati anu. Adzadula pa ndalama ya kamodzi ija, chotsala mugulire sopo. Ena amati mpaka kundende."

"Amati ndani?"

"Anthu."

Kaya zinali zoona kaya ankangondiopseza, sindinadziwe, ndipo mpaka lero sindikudziwa bwinobwino. Ndinafunsa kuti nditani. Anandiyang'ana kuyambira ku chisoti mpaka ku nsapato, n'kunena kuti, "Choyamba, munthu wa 57 saoneka chonchi."

Cholinga changa chinali chabwinobwino, anzanga. Kupita, kuonetsa mapepala, kutseka pakamwa, kubwerera. Basi. Koma mawu a a Kamanga anandikhala m'khutu ngati udzudzu, ndiye Lolemba nditaweruka ndinafika ku Dwangwa kukagula mankhwala odetsa tsitsi, kapaketi kojambulidwa mwamuna womwetulira. Mayi wogulitsa anafunsa ngati ndikudziwa kasakanizidwe kake, ine ndinati si zanga, andituma achimwene anga. Mwaona? Bodza lina, pa ulendo wokabisa bodza.

Lachiwiri nditangomaliza swala, pemphero la m'mawa, ndinakhala kuseli kwa bafa ndi kagalasi. Ndinayamba ndi ndevu, zimene ndazisunga zaka makumi awiri, zonse zoyera ngati ufa. Ndinameta zonse. Chibwano chinatuluka chotuwa, chachilendo, ngati cha munthu wina amene ndangomubwereka. Kenako mankhwala aja. Malangizo ake anali a tizilembo ting'onoting'ono, ndipo magalasi ndinali nditawabisa kale pansi pa mphasa poti mnyamata savala magalasi, ndiye ndinangosakaniza mwa nzeru zanga n'kupaka. Anakwanira kutsogolo kokha. Kumbuyo konse ndi nsidze zinatsala zoyera, nthawi ikutha, minibasi sidikira munthu. Ndinayang'ana uku ndi uku, maso anagwera pa kachitini ka polishi wa nsapato. Musandifunse. Inunso mukanakhala ndi kalata imene ija m'thumba mukanaona kuti polishi ndi mankhwala.

Mayi a kunyumba anandipeza ndikumanga mabatani a malaya oyera. Anaima ndi tsache m'manja.

"Bambo a Saidi, kodi kubomako kuli chikwati?"

"Ndi malamulo atsopano a kuntchito."

"Malamulo akuti muzinunkha nsapato?"

Ndinatenga envulopu ya mapepala n'kuuyamba wa ku msewu.

Minibasi itaima, dalaivala anasuzumira pawindo n'kunena kuti, "Madala, bwerani kutsogolo kuno, kuli malo." Madala! Ndevu ndameta, mutu wakuda bii, munthu n'kundiona kamodzi kokha n'kunena kuti madala. Ngati dalaivala waona, nanga kompyuta? Ndinamuyankha mwaukali kuti madala ndi bambo ake, kutsogoloko akhale achikulire, ine ndikhala paliponse. Anandipatsa paliponsepo: kathabwa kaja ka kuseli kwa mpando wa dalaivala, kokhala chopenyana ndi anthu, mawondo kufika pachibwano, injini ikuwotcha pansi. Ndinakhala ndi envulopu pachifuwa, ndikubwereza chaka changa cha papepala mumtima ngati mwana wa madrasa, kuopa kuti akandifunsa mwadzidzidzi lilime lingatchule chenichenicho.

Tisanawoloke Bua galimoto inaima, analowetsa thumba la mpunga n'kulitsamiritsa pa miyendo yanga, ndipo pambuyo pa thumbalo panakwera mwini wake. Pa anthu onse a m'boma la Nkhotakota, pa masiku onse a pa kalendala. Mwajuma. Anakhala moyang'anizana nane, mawondo athu kugundana, n'kundipatsa salamu mwaulemu ngati mlendo. Ndinayankha ndi mawu a pansi, nkhope nditalozetsa pawindo. Tinayenda pang'ono. Ndinamva maso ake akundiyenda pa khutu.

"Juma?"

"Mmm."

"Iwe Juma, ndevu zapita kuti?"

"Kunja kukutentha, achemwali."

"Nanga mutuwo? Wagwera mu phula la msewu?"

Minibasi yonse inatembenuka. Mayi wina anakokera mwana wake kutali ndi ine. Ndinanong'oneza kuti ndikupita ku msonkhano wa kuntchito, tikambirana pobwerera, koma Mwajuma kunong'ona sakudziwa, anazolowera kukuwa mbalame m'munda wa mpunga. Anauza anthu onse kuti uyu ndi mlongo wake, anali munthu wabwinobwino, mwina akufuna mitala. Apo n'kuti injini ija itayamba ntchito yake. Ndinamva kanthu kofunda kakutsika kuseli kwa khutu, pang'onopang'ono, kulowera ku kolala. Ndinaika envulopu pamwamba pa thumba la mpunga kuti nditulutse kansalu kopukutira thukuta, ndinapukuta kamodzi, kansalu kanabwera kakuda. Ndinakabweza m'thumba msangamsanga n'kuganiza kuti bola osakhudzanso, ziume zokha. Sizinaume.

Pofika pa boma anthu onse anatsika, ine ndinatsala. Mawondo anali atakhoma. Ndinayesa kudzuka, miyendo inakana ngati ya munthu wina. Dalaivala yemwe ndinamunyoza uja anagwira mkono uwu, Mwajuma mkono uwo, n'kunditsitsa chopindika ngati mpando wa pa ukwati. "Pepani achinyamata," anatero dalaivala. Miyendo itangomasuka ndinauza Mwajuma kuti apite ku msika, tikumana masana pa siteji, ndipo ndinathawa motsimphina osacheuka, mtima uli pa chinthu chimodzi, kuti mlongo wanga ndi ofesi ija zitalikirane.

Pa benchi ya panja pa ofesi tinalipo anthu angapo. Bambo wina amene anali pafupi nane anasuntha pang'ono, kenako anasunthanso, mapeto ake anandigwira pa phewa n'kunena mwachifundo kuti, "Akulu, mukudontha." Ndinathokoza. Ndikanatani? Dzina langa linaitanidwa.

Mkatimo munali mayi wa msinkhu wa mwana wanga woyamba, wa magalasi, kompyuta patsogolo, fayilo yakale yofiirira pambali. Fayilo yanga. Ndinaiona ngati munthu akuona manda ake. Anandiyang'ana kumutu, anatsegula pakamwa, anatsekanso, n'kundiuza kuti ndikhale. Ndinafuna kuonetsa mphamvu, ndinakhala mwachangu, bondo linalira ngati bango louma.

"Mwabweretsa mapepala, bambo?"

Ndinagwira pachifuwa. Ndinagwira m'matumba. Envulopu inali itapita ku msika pamwamba pa mpunga, chiphaso chili momwemo.

"Musadandaule, tiyambe ndi zimene zili muno. Dzina ndi limeneli? Chabwino. Chaka chobadwa?"

Ndinachitchula asanamalize n'kufunsa komwe, mokweza ngati ndili pa perete. Zikanathera pomwepo. Koma pakamwa panga panapitiriza pokha: "Ndi choona, madamu. Mukhoza kufunsa aliyense."

Anasiya kulemba. "Sindinakutsutseni, bambo."

Munthu wanzeru akanakhala chete. Ine mantha anandiuza kuti bola ndidziwiretu chilango chake, ndiye ndinati, "Madamu, ndifunseko za mnzanga wina. Si wa kuno ayi, ndi wa kutali, ku Dedza. Iyeyo polowa ntchito analakwitsa chaka pa fomu."

"Analakwitsa ndi zaka zingati?"

"Pang'ono. Sikisi."

"Mnzanuyo amagwira ntchito yanji?"

"Ndi mesenjala." Ndinamva ndekha mmene zamvekera. "Koma wa njinga ina."

Asanayankhe kunamveka odi pakhomo, ndipo mawu amenewo ndinawadziwa ndisanabadwe. Mwajuma analowa atanyamula envulopu ndi manja awiri, anagwada pang'ono mwaulemu, n'kunena kuti, "Pepani madamu, ndafunsira mpaka ndapeza. Uyu wasiya mapepala ake pa mpunga wanga. Mutu wake sukuyenda bwino lero."

"Mwachita bwino, mayi. Ndinu achibale?"

"Ndine mlongo wake."

"Aakulu ndi ndani?"

"Ndine, koma pang'ono pokha. Ndife mapasa."

Ananena monyadira, mwana wa amayi anga, akumwetulira. Madamu nawo anamwetulira. "Mapasa! Ndiye nanunso mwatsala ndi zaka zitatu kuti mukwanitse 60."

Apa ndinayesa kumutsinzinira diso Mwajuma. Ndinatsinzina mwamphamvu, polishi wa pa nsidze analowa m'diso, linayamba kuwawa ngati tsabola, misozi yakuda n'kumatsika.

"Ukunditsinzinira chiyani iwe?" anatero, kenako n'kutembenukira kwa madamu. "60 ndinadutsa kale ine, mwana wanga. Ndili ndi 63. Dikirani muone."

Anamasula mfundo ya pa chitenje, anatulutsa chiphaso chake n'kuchiika pa tebulo. Madamu anatsegula envulopu, anatulutsa changa n'kuchiika pambali pake. Mudzi umodzi. Tsiku limodzi. Mwezi umodzi. Mwajuma sukulu sanapite nayo patali, koma manambala amawadziwa, munthu wogulitsa mpunga. Anawerama, anayang'ana ichi, anayang'ana icho, anawerenga ndi zala.

"Juma. Ndiye kuti ine nditatuluka, iwe unatsalira m'mimba mwa amayi zaka sikisi? N'chifukwa chake malemu ankadandaula msana."

Pamenepo ndi pamene akunena kuti ndinakomoka. Sindinakomoke, ndinatsika pa mpando kuti ndigwade, kungoti mawondo anafika pansi msanga kuposa mmene ndinkafunira. Ndili pansipo ndinaulula zonse. Za fomu, za kalaliki, za sukulu ya kutali, za mnzanga wa ku Dedza kuti kulibe. Pakamwa patatseguka panakana kutseka: ndinanena za njinga ya ofesi kuti Loweruka ndimanyamulira chinangwa, za shuga wa tiyi wa mabwana kuti nthawi zina amafika kunyumba kwanga, za tsiku lina ndinanena kuti ndadwala malungo ndili ku chikwati. Ndinapempha kuti ngati n'kundende ndipite, koma penshoni asaiphe yonse, mayi a kunyumba alibe tchimo.

"Za shuga sindinafunse, bambo. Dzukani."

"Sindingathe, madamu."

Anandidzutsa Mwajuma, mosasamala kwenikweni.

Madamu anatsegula fayilo ija n'kuitembenuzira kwa ine. Tsamba loyamba linali lodyeka m'mbali, pakona pamene pankayenera kukhala chithunzi panali bowo.

"Chiswe chinalowa mu kabati. Tikuitana onse amene atsala pang'ono kupuma kuti tikonze mafayilo awo nthawi ikadalipo, ndalama zawo zisadzachedwe. Kwa inu timafuna chithunzi chatsopano ndi kope la kalata yolembedwera ntchito. Basi."

Chithunzi. Ndevu zanga za zaka makumi awiri, chinsinsi changa cha zaka 32, zonse ndinazipereka chifukwa cha chiswe. Ndipo chiswecho, pa pepala lonse lija, chinadya nkhope yanga n'kusiya chaka chabodzacho chili bwinobwino.

Ndinafunsa madamu kuti nanga tsopano zikhala bwanji, poti amva okha. Anavula magalasi n'kupukuta m'maso, sindikudziwa ngati kunali kutopa kapena kubisa kuseka.

"Bambo, pa mpando mwakhalapo pamabwera anthu ambiri. Ena amafuna ndiwachotsere zaka kuti asapume, ena ndiwaonjezere kuti apume msanga. Ine mphamvu imeneyo ndilibe. Boma limadziwa chaka chimene munalemba ndi dzanja lanu pa fomu yoyamba. Zimene mwanena panozi ndi za pakamwa, ine ndimalandira zolembedwa."

Mtima unatsika pang'ono, ndipo utangotsika, dyera linadzuka. Mwaona mmene munthu alili? Ndinati, "Ndiye poti mwaona nokha kuti 60 ndinadutsa, sindingapume mwezi uno, n'kulandira zonse?"

"60 munadutsa kwa mayi anu. Kuno muli ndi 57."

Anandifotokozera bwinobwino, ngati mwana. Ndikafuna kuchoka panopa, zaka zimene ndagwira zikundilola kupempha, koma kumeneko ndi kupuma kodzifunira nthawi isanakwane, ndipo powerengera amayang'ana zaka zimene wagwira ndi malipiro ako omaliza, ndiye ndingalandire zocheperapo kusiyana ndi kudikira mpaka 60 ya mufayilo, ndipo kucheperako n'kwa moyo wonse. Ndikafuna kukonza chaka, ndilembe kalata yopita kulikulu, ndi umboni wolumbirira, ndipo kumeneko akafunsa mafunso awiri: chifukwa chiyani ndinalemba zabodza, ndipo zaka zitatu zapitazi ndimatani pa ntchito. "Zimene angagamule kumeneko sindingakulonjezeni. Njira yachitatu mukuidziwa, kubwerera ku njinga. Mukaganize bwino, ndipo mnzanu wa ku Dedza uja mukamuuzenso."

Kenako anati chithunzi tijambuliretu, poti ndabwera kale. Anandilola kukasamba kumaso pa mpopi wa panja. Anzanga, polishi ndi madzi sizigwirizana. Pamene panali mizere panakhala chipaka, nkhope yonse inasanduka ngati kunsi kwa poto, maso okha ofiira. Ndinaima pa khoma loyera, kolala yakuda, chibwano chotuwa, ndipo anajambula. Chithunzi chimenecho ndi chimene chili pa fayilo yanga ya penshoni lero. Tsiku lodzalandira padzafunika mboni yonena kuti ndine yemweyo.

Titatuluka Mwajuma anatsogola mpaka pa msewu. Kenako anaima.

"Ndiye mabwana olusa aja kunalibe."

"Kunalibe, achemwali."

"Zaka zonsezi ndimaima pa msewu ngati wopemphetsa, ndikuti mlongo wanga akuvutika ndi mabwana oipa, mpaka kumakupempherera. Kani umabisa ine."

Ndinapepesa. Ndinapepesa ndi mtima wonse, pa dzuwa, anthu akudutsa n'kumacheukira nkhope yangayo. Apa sindikuseka ayi, pa zonse zimene ndinachita, ichi ndiye chimandiwawa. Mwajuma anapukusa mutu.

"Chabwino. Poti ndiwe mwana, tiye ukasenze thumba. Ndalisiya kwa mayi wa tomato, wogula ali kumapeto kwa msika."

Ndinasenza. Msika wonse wa pa boma ndinaudutsa ndi thumba la mpunga pamutu, polishi akudinda pa thumba, Mwajuma ali patsogolo manja ali m'mbuyo ngati bwana, akuima pa benchi iliyonse kuuza anthu kuti, "Uyu ndi mzime wa amayi anga, ndinamulera ndine. Wameta kuti ayambe sukulu."

Kalata ya kulikulu ija sindinalembe. Pepala ndinagula, lili m'buku langa la mapemphero, ndimalitulutsa, ndimaliyang'ana, ndimalibweza. Kupuma msanga ndi penshoni yoduka nako ndikuopa. Ndiye m'mawa uliwonse ndimakwera njinga, mawondo akulira, kupita kukagwira zaka zitatu zimene anzanga akuzidyera pa mthunzi, ndipo envulopu iliyonse yofiirira ndimayamba ndayang'ana dzina ndisanaiike m'chikwama. Palibe amene anandigamula. Ndinkaopa kuti boma lidzandigwira bodza, osadziwa kuti chilango chachikulu n'chakuti boma lidzandikhulupirira. Pemphero langa pano ndi limodzi, kuti Mulungu andisunge ndifike zaka 60, ndipo ndikhulupirira kuti kumwambako amadabwa nalo pempheroli, poti kaundula wawo chiswe sichidya.

Ndalapa, anzanga. Sindidzachotsanso ngakhale tsiku limodzi pa zaka zanga, ndipo polishi ndamubwezera ku nsapato. Tsiku limene mudzandiike m'manda, angelo ofunsa mafunso aja akadzangofika, asanatsegule n'komwe pakamwa, ine ndidzayamba ndi kutchula chaka chobadwa, chenichenicho, ndipo akadzakayika ndidzati akafunse Mwajuma.